Sikelo timaiyesa, nanga wotchi aiyesa ndani?

Pamalonda alionse pali mboni ziwiri zimene sizilankhula koma zimagamula milandu: sikelo ndi wotchi. Ya sikelo tonse timaidziwa. Wogula nandolo akafika ndi sikelo yokayikitsa, mudzi wonse umamuimirira, ndipo a bungwe la Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi mapampu a mafuta kuti aone ngati kilogalamu ilidi kilogalamu, lita ilidi lita. Nanga wotchi? Kodi alipo amene adafikapo pagolosale panu kudzaona ngati nthawi imene makina anu akudinda pa lisiti ndi yoona? Palibe, abale anga.

Komatu masiku ano makina ndiwo akulemba mbiri ya malonda athu. Lisiti limatuluka ndi tsiku ndi ola. Kamera ya m'sitolo imadinda tsiku ndi ola pa chithunzi chilichonse. Makina olembera olowa ndi otuluka pantchito, kompyuta ya kuchipatala, sikelo yamakono yoyezera masamba a tiyi, zonsezi zimalemba nthawi. Ndipo kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act m'chaka cha 2016, zolembedwa ndi makina zingathe kuperekedwa ngati umboni. Tsono ngati mboni yanu sikudziwa ndi tsiku lomwe, mlandu muwina bwanji?

Nkhani yanga lero ndi yoti wotchi yolondola ilipo, ndi yaulere, ikudutsa pamwamba pa madenga athu usana ndi usiku, ndipo kabokosi ka intaneti kamene ena mwa inu mudagula kale kangathe kuitsitsa n'kuigawira makina onse a pamalo panu. Ndikambira nkhaniyi ku Thekerani chifukwa kumeneko vutoli limaonekera poyera.

Amene simudafikeko, Thekerani ali kumwera kwa boma la Thyolo. Mumachoka pa boma, n'kudutsa m'minda ya tiyi, n'kupyola Makwasa kumene kuli chipatala cha Malamulo, kenako msewu umayamba kukhotakhota pamitunda mpaka kukatsikira ku Muona m'chigwa cha Shire. Kum'mawa kuli mtsinje wa Ruo, ndipo tsidya lake ndi Mozambique. Amalonda a mu Limbe amalidziwa derali chifukwa cha nthochi zimene zinkadzaza malole matenda a chisaka asadaononge minda. Ndi dera la zitunda ndi zigwa, kumene netiweki ya foni imagwira pamtunda uno n'kusowa kuseri kwake, ndipo mvula yamkuntho ikagwetsa mtengo pa mawaya, magetsi amapita osatsanzika.

Anthu a ku Thyolo sayenera kuuzidwa kuti wosunga wotchi ndiye mwini mphamvu. Njanji yochokera kuchigwa idafika ku Blantyre mu 1908, kudutsa m'mbali mwa Ruo, ndipo sitima idabwera ndi ndandanda yake ya maola. Tiyi, amene adayambira ku Mulanje cha m'ma 1890, adafika ku Thyolo patapita zaka zingapo, ndipo naye adabwera ndi belu lake. M'nthawi ya thangata munthu ankagwira ntchito pa tikiti. Kapitawo akapanda kuchonga tsiku, ndiye kuti tsikulo silidachitike, ngakhale msana ukuchitira umboni. Wotchi inali m'thumba mwa bwana, wantchito anali ndi dzuwa basi. Wailesi ya MBC itayamba mu 1964, zinthu zidasinthako pang'ono, pakuti aliyense wokhala ndi kawailesi ankatha kumva muulutsi akutchula nthawi n'kukonza wotchi yake. Ola la bwana ndi ola la wantchito zikadatha kuyerekezedwa ndi ola lachitatu, losakondera.

Lero thangata adatha, ndipo lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa. Koma maolawo akuwerenga ndani? Nthawi zambiri ndi makina. Ndiye tiyeni tione chifukwa chake makina amasokonekera mutu.

M'kompyuta, m'kamera ndi m'wotchi yapamkono muli kamwala kakang'ono kotchedwa quartz, kamene magetsi akakagunda kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Makina amawerenga kunjenjemerako n'kudziwa kuti sekondi yatha. Kamwalaka si kangwiro. Kutentha ndi kuzizira kumakasintha, moti wotchi wamba imatha kuphonya sekondi imodzi kapena awiri patsiku, pafupifupi mphindi yathunthu pamwezi. Pakatha chaka, kamera ndi makina a malisiti a m'sitolo imodzimodzi zikhoza kusiyana ndi mphindi khumi kapena kuposa.

Limenelo ndi vuto laling'ono. Lalikulu ndi la magetsi. Kompyuta ya pa desiki ili ndi kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo kamene kamayendetsa wotchi magetsi akazima. Makompyuta ambiri amene timagula kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo kabatireko kamafika katatopa. Zipangizo zina zotsika mtengo, monga marauta ambiri ndi timakompyuta ta Raspberry Pi takale timene masukulu ena amasungiramo mabuku, zilibe n'komwe kabatire koteroko. Magetsi akazima n'kuyakanso, zina zimabwerera pa ola limene zidazimira, zina zimadzuka zikuganiza kuti ndi pa 1 January 1970, tsiku limene makompyuta ambiri amayambira kuwerenga masekondi.

Zotsatira zake mudaziona. WhatsApp imakana kutseguka n'kumakuuzani kuti tsiku la pa foni yanu ndi lolakwika. Tsamba la banki kapena la sukulu ya ukachenjede limakana kutseguka, chifukwa chiphaso chake cha chitetezo chili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo kwa kompyuta imene ikukhala mu 1970 chiphasocho sichidabadwe. Timanambala tachinsinsi timene timasintha pa masekondi 30 alionse sitigwira ngati wotchi yanu yatsalira. Mwana wasukulu amataya tsiku lonse akutukwana netiweki, pamene wolakwa ndi wotchi.

Mwa masiku onse makina amadzikonza okha pofunsa nthawi pa intaneti. Njira yake imatchedwa NTP, ndipo adaikonza ndi David Mills wa ku America, amene adaisindikiza koyamba mu 1985 ndipo adaphunzitsa zaka zambiri pa University of Delaware. Mkuluyu adamwalira mu January 2024. Nzeru yake ndi yapamudzi ndithu. Tiyerekeze mwatuma mwana kwa aneba kukafunsa nthawi. Wanyamuka, wabwerako patatha mphindi zinayi, akuti, "Akuti ndi 3 koloko." Munthu wanzeru satchera wotchi pa 3 koloko, amadziwa kuti mwanayo wayenda mphindi ziwiri pobwerera, ndiye amaonjezera ziwirizo. NTP imachita zomwezo: imalemba nthawi imene funso lanyamuka, imene lafika, imene yankho lanyamuka ndi imene labwerako, n'kuchotsera nthawi ya panjira.

Koma mwana mumamtuma ngati njira ilipo. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudatenga miyezi yambiri. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adakantha chigawo chakumwera, Thyolo ali momwemo, n'kupha anthu mazanamazana, kugumula misewu ndi milatho, kugwetsa mapolo a magetsi. Masiku ngati amenewo nsanja za mafoni zimatha mafuta, intaneti imaduka. Jenereta kapena sola ingathe kuyatsa makina a pachipatala kapena pasitolo, koma makinawo akadzuka alibe womufunsa nthawi. Ndipo ndi masiku omwewo pamene kaundula wa odwala, wa katundu wolowa ndi wotuluka, wa chithandizo chogawidwa, amafunika kukhala wolondola koposa.

Apa ndi pamene kumwamba kumathandiza. Ambiri timadziwa GPS ngati chinthu cholozera malo pa mapu a pa foni. Zoona zake n'zakuti GPS ndi gulu la mawotchi. Masetilaiti ake, amene alipo pafupifupi 30, amazungulira dziko kawiri patsiku pa mtunda wa makilomita 20,200, ndipo iliyonse yanyamula mawotchi a atomu, olondola kwambiri kuposa china chilichonse chimene mungagule m'sitolo. Ntchito ya setilaiti iliyonse ndi kulengeza mosalekeza kuti, ndine wakuti, ndili pakuti, nthawi ndi yakuti. Uthengawo umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Kachipangizo kolandira kakamva masetilaiti anayi kapena kuposa, kamayerekeza kuchedwa kwa uthenga uliwonse n'kupeza zinthu ziwiri pakamodzi: pamene kali, ndi nthawi yeniyeni. Taganizani, kuphonya gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi kumasokoneza malo ndi mamita 300. Ndiye foni yanu ikakuikani pa msika wa Thekerani osati kutsidya kwa phiri, dziwani kuti nkhani ya nthawi yaikhoza kale.

GPS ndi ya boma la America. Setilaiti yoyamba idaponyedwa mu 1978, ndipo ntchito yonse idakwanira mu 1995. Pulezidenti Ronald Reagan adalonjeza mu 1983 kuti anthu wamba adzaigwiritsa ntchito, ndipo mu May 2000 boma la Bill Clinton lidasiya kusokoneza dala uthenga wa anthu wamba. Lero kuli enanso: Galileo ya maiko a ku Ulaya, GLONASS ya Russia ndi BeiDou ya China. Onsewa salipiritsa. Safuna mayunitsi, safuna bandulo, safuna simukhadi. Amangofuna kuti mlongoti uone thambo.

Tsono rauta ikubwera pati? Rauta ndi kabokosi kaja kamene kamalandira intaneti n'kuigawira makompyuta ndi mafoni a m'nyumba kapena mu ofesi, kaya pa waya kaya pa Wi-Fi. Si marauta onse ali ndi GPS, ndipo timarauta ta m'thumba timene ambiri tili nato nthawi zambiri tilibe. Koma marauta olimba amene amaikidwa m'magalimoto, m'mafakitale ndi m'maofesi a kumidzi, monga ena a Teltonika, MikroTik ndi Peplink, ali nayo. Mukaitembenuza mupeza kabowo komangirapo mlongoti kolembedwa GPS kapena GNSS. Eni ake ambiri amagwiritsa GPS imeneyi polondola kumene lole ili, ena saigwiritsa n'komwe. Chimene amaiwala n'chakuti rauta yomweyo ingathe kutchera wotchi yake kuchokera ku setilaiti, kenako n'kusanduka aneba aja amene makina onse a pamalopo amakafunsako nthawi, intaneti ilipo kaya palibe.

Kachitidwe kake si ka ufiti. Choyamba, mangani kamlongoti ka GPS n'kukaika pamene kakuona thambo bwino, padenga kapena pazenera. Pansi pa malata sikamva, ndipo m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri kapena mitengo ya bulugamu kamachedwa kugwira. Chachiwiri, lowani m'tsamba loyendetsera rauta, yatsani GPS, ndipo pa gawo la nthawi sankhani kuti wotchi izitchereredwa ndi GPS. Chachitatu, yatsani pamene palembedwa kuti NTP server. Chachinayi, pitani pa chipangizo chilichonse, kompyuta, bokosi la makamera, makina olembera antchito, ndipo pamene pakufunsa kokatenga nthawi lembanipo nambala ya rauta yanu, imene kawirikawiri imakhala ngati 192.168.1.1. Chachisanu, onetsetsani kuti chigawo cha nthawi ndi chathu. Setilaiti imapereka nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola awiri chaka chonse. Pa makina ambiri mupeza palembedwa Blantyre kapena Harare, zonse ndi ola limodzi. Chomaliza, rautayo ipatseni kabatire kapena kasola kakekake, pakuti imadya magetsi ochepa ngati babu laling'ono.

Amene ali ndi Starlink, imene idayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, adziwe kuti mbale yake ija nayo ili ndi GPS mkati, ndipo imayankha mafunso a NTP pa nambala ya 192.168.100.1.

Akatswiri adzakuuzani kuti rauta wamba sipereka kulondola konse kwa setilaiti, kuti panjira pamatayika kagawo kakang'ono ka sekondi. N'zoona. Amene akuyendetsa nsanja za mafoni kapena malo ogawira magetsi amafuna zipangizo zapadera. Koma kwa wamalonda amene kamera yake ikunena kuti lero ndi chaka china, kagawo ka sekondi si nkhani.

Ndidaona ndi maso anga m'sitolo ina ya pamalo ena ochitira malonda m'dera lomweli. Matumba awiri a shuga adasowa. Mwini sitolo adali ndi makamera, ndipo chithunzi chidaonetsa mnyamata wogulitsa akutulutsa matumba awiri. Mnyamatayo adati, "Bwana, amenewo ndi aja mudandituma Lachiwiri kuti ndikapereke kwa mayi a tiyirumu aja." Mwini sitolo adati ayi, zimenezi ndi za Lachisanu. Ataona pakona pa chithunzi, tsiku lidalembedwa la mu January 2000. Magetsi adali atazima kangapo sabata imeneyo, ndipo bokosi la makamera linkayambiranso kuwerenga nthawi iliyonse. Palibe adatha kutsimikiza kanthu. Mnyamatayo ntchito idatha, dzina lake lidaipa pamsika, ndipo mwini sitolo mpaka lero sadziwa ngati adachotsa wakuba kapena wosalakwa. Makamera a ndalama zambirimbiri adagonja chifukwa cha wotchi.

Nkhani ngati imeneyi ingachitike paliponse pamene ndalama ndi nthawi zakumana. Wothyola tiyi amalipidwa potengera makilogalamu ndi masiku. Mlimi wamng'ono amene amagulitsa masamba ku fakitale amadalira kuti zimene sikelo yalemba lero zikaoneke pa tsiku la lero pamapeto a mwezi. Wa Airtel Money kapena Mpamba akakangana ndi kasitomala, uthenga wa pa foni uli ndi ola la kampani, ndipo ngati kamera ya pa kauntala ili ndi ola lina, kufananitsa ziwirizi ndi mutu waching'alang'ala. Namwino akamalemba pa kompyuta ola limene wodwala walandira jakisoni, wobwera usiku amadalira ola lomwelo.

Sindikufuna kukugulitsani mankhwala ochiza matenda onse, ayi. Wotchi yakumwamba nayo ili ndi zofooka zake. Uthenga wa setilaiti umafika pansi uli wofooka kwambiri, moti n'kosavuta kuusokoneza. Mu April 2024 kampani ya ndege ya Finnair idaimitsa kwa mwezi umodzi maulendo ake opita ku Tartu m'dziko la Estonia chifukwa cha kusokonezedwa kwa GPS. Eni ake nawo amaphonya: mu January 2016 masetilaiti ena a GPS adalengeza nthawi yolakwika ndi magawo 13 mwa magawo 1,000,000 a sekondi kwa maola angapo, ndipo zipangizo za makampani a mauthenga m'maiko angapo zidadandaula. Palinso msampha wa zipangizo zakale. GPS imawerenga masabata kuyambira pa 6 January 1980, ndipo m'kawerengedwe kakale ikafika masabata 1,024 imayambiranso pa ziro. Zidachitika mu August 1999, zidachitikanso mu April 2019, ndipo zidzachitikanso mu November 2038. Zipangizo zina zakale zimene sizidakonzedwe zidabwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 20. Choncho pogula rauta ya kaunjika, safunsa adadya phula: yatsani, dikirani igwire, muone tsiku limene ikunena musadapereke ndalama.

Nzeru ndi kusadalira mboni imodzi. Rauta yabwino imalola kuti muike GPS komanso malo ena a pa intaneti ofunsako nthawi, kuti china chikagwa china chigwire. Ndipo kamodzi pa sabata, yerekezani ola la makina anu ndi la pa wailesi kapena la foni imene ili pa netiweki. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Chinanso, wotchi yoona siichiza mtima wokhota. Kalaliki wofuna kuba adzapeza njira ina. Koma wotchi imene ikutcheredwa ndi setilaiti imatseka khomo limodzi lalikulu, lija loti munthu alowe m'makina n'kubweza ola ndi dzanja, kapena kunamizira magetsi. Ndipo imateteza mbali zonse. Bwana woona mtima imamuteteza kwa wantchito wonama, wantchito woona mtima imamuteteza kwa bwana wonama. N'chifukwa chake ndikuti mabungwe a antchito a m'maesiteti ndi magulu a alimi a tiyi, pokambirana za mitengo ndi malipiro, aziponyako funso ili: makina amene akulemba masiku athu amatenga kuti nthawi, ndipo ndani ali ndi mphamvu yoisintha? Si funso lachipongwe. Ndi funso lomwe lija timafunsa za sikelo.

Kwa inu ophunzira a zamakompyuta ku MUBAS, ku MUST komwe kuli konkuno ku Thyolo, ndi m'makoleji a ntchito zamanja, apa pali ntchito imene ikungodikira mwini. Mukapita kumudzi pa holide, yendani m'masitolo, m'masukulu ndi m'zipatala zazing'ono, pemphani kuona tsiku limene makina awo akunena. Mudzadabwa. Kusintha kabatire ka kompyuta, kukweza kamlongoti padenga ndi kuloza makina onse ku rauta imodzi ndi ntchito ya masana amodzi, ndipo wamalonda amene adaluzapo mlandu chifukwa cha tsiku lolakwika sadzakakamira pa mtengo.

Kwa inu amalonda a mu Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amene muli ndi nthambi kumidzi, musadikire kuti shuga asowe. Lero lomwe, musadatseke sitolo, tulutsani lisiti limodzi, yang'anani pakona pa chithunzi cha kamera, yang'ananinso foni yanu. Ngati zitatuzi zikunena ola limodzi, gonani tulo. Ngati zikusiyana, itanani mnyamata wa makompyuta mawa m'mawa, ndipo pogula rauta ina mufunse wogulitsa ngati ili ndi GPS ndi NTP server. Akakuyang'anani modabwa, pitani sitolo ina.